NJANJI YA KU CHINA M'CHIPINDA CHA MAMITA ANAYI

Nkhani imene mnzathu wina adakamba pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu



Komiti idandipempha kuti ndikambe za ntchito imene ndimagwira panthawi yanga yopuma, ndiyo yomanga njanji yaing'ono ndi kuyendetsapo tisitima tamagetsi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuseka kale mumtima poona munthu waimvi akukamba za zidole. Sindikukanizani kuseka. Koma ndikupempheni kuti mundimvetsere kaye, chifukwa mfundo yanga ndi imodzi yokha. Chimene chimasiyanitsa chidole ndi chifanizo chenicheni ndi ichi: womanga chifanizo amasankha malo amodzi ndi nthawi imodzi, ndipo kanthu kalikonse kamene aikapo kayenera kukhala kamene kadalipodi pamalopo panthawiyo. Ine ndidasankha phiri la Jingpeng kumpoto kwa China, m'mwezi wa Januwale chaka cha 2003.

Chifukwa chosankhira Jingpeng

M'chigawo cha Inner Mongolia muli njanji yotchedwa Jitong, imene imachokera kufupi ndi mzinda wa Jining kukafika ku Tongliao, mtunda wa makilomita 945. Idatsegulidwa mu 1995. Chodabwitsa nchakuti njanji yatsopanoyi idayamba ntchito ndi mainjini oyendera malasha ndi nthunzi, pamene maiko ambiri adali atawasiya kalekale. Chifukwa chake chidali ndalama. Njanji za boma la China zidali kutaya mainjini anthunzi ndi kugula adizilo ndi amagetsi, motero kampani ya Jitong idagula akalewo pamtengo wotsika, ndipo malasha kumeneko ndi osasowa.

Mainjini amenewa adali a mtundu wa QJ, chidule cha mawu akuti Qianjin, kutanthauza kupita patsogolo. Ambiri adapangidwa mumzinda wa Datong, ndipo pofika 1988 pamene adasiya kuwapanga, adali atapitirira 4,700. Injini ya QJ ili ndi mateyala ang'onoang'ono awiri kutsogolo, akuluakulu khumi pakati amene amakoka, ndi ena awiri kumbuyo. Thupi lake ndi lakuda koma mateyala ndi ofiira. Pamodzi ndi ngolo yake yaikulu ya malasha ndi madzi imafika mamita 29.

Pakati pa tauni ya Reshui ndi ya Jingpeng njanjiyi imakwera phiri mokhotakhota. Imadutsa m'mphanga zobooledwa m'phiri ndi pa milatho italiitali, ndipo wotchuka kwambiri ndi mlatho wokhota wa Simingyi. Pamwamba pa chitunda pali kasiteshoni ka Shangdian. Sitima yakatundu inkafuna mainjini awiri kuti ikwere pamenepa, ndipo m'nyengo yozizira, kukazizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro, nthunzi inkaima m'mwamba ngati mtambo. Anthu ojambula zithunzi ankachokera ku Ulaya, ku Japan ndi ku America kudzaona zimenezi. Mu Disembala 2005 nthunzi idatha pa Jitong, ndipo imeneyi idali njanji yaikulu yomaliza padziko lonse yoyenda ndi nthunzi tsiku ndi tsiku. Mainjini ambiri adaphwanyidwa. Awiri, nambala 6988 ndi 7081, adagulidwa ndi kupita ku Iowa m'dziko la America mu 2006.

Ine sindidaone mainjiniwa akugwira ntchito. QJ yeniyeni ndidaiona itaima chete m'nyumba yosungiramo zakale za njanji ku Beijing, pamene ndidapita kumeneko ku maphunziro a ntchito. Zonse zimene ndamanga ndazitenga pa zithunzi, mafilimu ndi mapu. Nchifukwa chake ndimasamala kwambiri. Munthu amene adzaone chifanizo changa mwina sadzaonanso china chilichonse chokhudza malowa, ndipo ndikamunamiza palibe wodzamuwongolera.

Masamu a sikelo

Aphunzitsi athu a masamu akondwe, chifukwa ntchito yonseyi yagona pa kugawa. Sikelo imene ndimagwiritsa ntchito imatchedwa HO, ndipo chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Njanji zikuluzikulu za ku China zimatalikirana mamilimita 1,435. Mukagawa ndi 87 mupeza mamilimita 16.5, ndipo umenewu ndiwo mpata wa tinjanji tanga. Injini ya mamita 29 ija imasanduka masentimita 33. Bogi ya anthu imafika masentimita 27. Munthu wamkulu amakhala wa masentimita awiri okha.

Ena mwandifunsa ngati tisitima tanga tingafanane ndi sitima zimene tinkaziona ku Limbe kapena ku Salima. Yankho ndi lakuti ayi. Njanji ya kuno kwathu ndi yopapatiza, ya mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya TAZARA imene anthu a ku China adamanga kuyambira 1970 mpaka 1975 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi. Wofuna kufanizira njanji zimenezi m'sikelo ya HO ayenera kufuna tinjanji ta mamilimita 12.

Masamu omwewa amaphunzitsanso kudzichepetsa. Kilomita imodzi m'sikelo imeneyi ndi mamita 11.5. Kuti ndimange Jitong yonse pangafunike munda wotalika pafupifupi makilomita 11. Chipinda changa ndi cha mamita anayi m'litali ndi atatu m'lifupi. Njanji yozungulira m'makoma ake ndi pafupifupi mamita 14, ndiye kuti kilomita imodzi ndi kachidutswa basi. Motero ndidasankha zinthu zitatu zokha: mlatho wokhota, khomo la mphanga, ndi kasiteshoni kopatukirana sitima kokhala ndi mudzi pambali pake. Zina zonse ndidazisiya. Sitima zenizeni zinkakoka mabogi ambirimbiri, koma yanga imakoka 12, ndipo ikakhala ndi mainjini awiri imapitirira mamita awiri ndi theka. Diso la munthu limakhutira ndi zimenezo, makamaka ngati mutu wa sitima walowa kale m'mphanga pamene mchira udakali pa mlatho.

Matabwa, njanji ndi magetsi

Maziko ake ndi mashelefu a masentimita 60 m'lifupi, omangidwa ndi matabwa a paini ndi pulayiwudi pamwamba. Sindidapitirire muyeso umenewu chifukwa dzanja liyenera kufika kumbuyo popanda kugwetsa mitengo ya kutsogolo. Ndidawaika mokwera kufika pachifuwa, kuti munthu aziona sitima cham'mbali monga mmene angaionere ataima m'mphepete mwa njanji, osati ngati khungubwe ali m'mwamba. Matabwa onse ndidawapaka mankhwala a chiswe ndi vanishi mbali zonse ziwiri, chifukwa thabwa losapaka limapindika nthawi yadzinja ndipo njanji imapindika nalo.

Injini ya mateyala khumi okoka siifuna makona akuthwa. Makona anga onse ndidawajambula ndi chingwe cha masentimita 60 kapena kuposerapo, chomangidwa pa msomali monga tinkachitira ndi kampasi m'kalasi. Chitunda chenicheni cha Jingpeng chimakwera pafupifupi mamita 12 pa kilomita iliyonse. Changa chimakwera masentimita awiri pa mita iliyonse, ndipo sindingapitirire pamenepo chifukwa mateyala amayamba kuterereka.

Mphamvu imadutsa m'njanji momwemo. Thiransifoma imatsitsa magetsi a m'nyumba kufika mavoti 12, njanji imodzi imapereka mphamvu ndipo inayo imabweza. Ndidayala mawaya awiri onenepa kunsi kwa thebulo, ndipo pa mita iliyonse ndidawotcherera tiwaya tokwera ku njanji. Popanda zimenezi sitima imafooka ikafika kutali ndi thiransifoma. Masiku ano kuli njira yotchedwa DCC, imene imaika kachipangizo m'injini iliyonse kotero kuti mainjini awiri amatha kuyenda pa njanji imodzi lililonse ndi liwiro lake, ndiponso kulira ngati enieni. Ndi yabwino koma ndi yokwera mtengo, ndipo woyamba kumene asaithamangire.

Kuseri kwa phiri kuli njanji zinayi zobisika kumene sitima zimadikira. Imeneyi ndiyo Tongliao yanga ndiponso Jining yanga. Sitima ikalowa m'mphanga imakaima kumeneko, ina nkutuluka, ndipo woonera amaganiza kuti yachokera kutali.

Mdani wamkulu wa ntchitoyi kuno kwathu ndi fumbi. Kafumbi kochepa pamwamba pa njanji kamadula magetsi. Ndimapukuta njanji ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti ndisanayendetse, ndipo ndikamaliza ndimafunditsa zonse ndi nsalu yopepuka, makamaka m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala.

Mainjini ndi mabogi

Zinthu zimene sindingathe kupanga ndekha ndi mainjini, mabogi ndi njanji. Mainjini anga awiri a QJ ndi a kampani ya Bachmann, imene idapanga zifanizo zambiri za sitima za ku China m'sikelo ya HO. Mabogi akatundu ambiri ndi a mtundu wa C62, otsegula pamwamba, onyamula malasha. Ena ndi otseka a mtundu wa P62. Mabogi a anthu ndi obiriwira okhala ndi mizere yachikasu, amene anthu a ku China amangowatchula kuti sitima zachikopa chobiriwira. M'mabogi akale otere madzi otentha ndi chifundizi zinkachokera pa mbaula ya malasha, choncho padenga pamayenera kuoneka kachumuni kodetsedwa ndi utsi.

Pano mpamene pali chiyeso chachikulu. Lero China ili ndi njanji za sitima zothamanga kwambiri zopitirira makilomita 45,000, kuyambira ija ya pakati pa Beijing ndi Tianjin imene idatsegulidwa mu 2008. Zifanizo za sitima zimenezi zilipo m'masitolo ndipo ndi zokongola. Alendo anga amandiuza kuti ndigule imodzi. Ena amafuna ndiikepo Khoma Lalikulu la China pamwamba pa phiri, ena nyumba yachipembedzo ya madenga osanjikizana. Ndimawayankha ndi mwambi wa makolo uja, wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Mu Januwale 2003 pa Jingpeng padalibe sitima yothamanga, padalibe mawaya amagetsi pamwamba pa njanji, ndipo Khoma Lalikulu silioneka pamalo amene ndasankhawo. Ndikaziika zonsezo ndiye kuti ndamanga China wa pa kalendala, amene kulibe munthu adakhalamo.

Chifanizo chochokera m'bokosi chimanyezimira ngati nsapato yatsopano, pamene injini yogwira ntchito imakhala yakuda ndi mwaye. Motero ndimazidetsa dala. Ndimapera choko chakuda, chofiirira ndi chotuwa, nkupaka ndi kaburashi kofewa. Mwaye umapita pamwamba, dzimbiri ndi fumbi kunsi, ndipo timizere toyera timatsika pamene madzi ankadontha ndi kuuma. Mateyala ofiira sindiwadetsa kwambiri, chifukwa zithunzi zimaonetsa kuti antchito ambiri ankanyadira mainjini awo ndipo ankawapukuta. M'ngolo ya malasha ndidachotsamo a pulasitiki ndi kuikamo malasha enieni osinja ndi kusefa.

Mapiri, udzu ndi chisanu

Zotsala zonse ndi zotola. Mapiri ndidawaumba ndi zoyera zopepuka zija zimene amatchingira mawailesi ndi mafiriji m'makatoni. Ndidazisanjikiza, kuzisema ndi mpeni, nkuziphimba ndi nsanza zoviika m'pulasitala. Musagwiritse ntchito phala la ufa pomata, chifukwa mphemvu ndi mbewa zidzakuthokozani. Guluu woyera wa akalipentala ndiye woyenera.

Mtundu wa dothi ndi nkhani yaikulu. Dzanja la Mmalawi limathamangira katondo wofiira chifukwa ndiye dothi limene tidakulira. Mapiri a Jingpeng m'nyengo yozizira ndi otuwa mwachikasu, ouma, opanda mitengo yambiri. Ndidafuna dothi lotuwa la m'dambo, kuliyanika, kulikazinga kuti tizilombo tife, nkulisefa. Udzu wouma ndi khonje lodulidwa tizidutswa ta mamilimita anayi kapena asanu ndi kubzalidwa m'guluu pang'onopang'ono. Mitengo ya m'mudzi ndi italiitali yowongoka, yopanda masamba m'nyengoyi. Ndidaipota ndi tiwaya ta m'nthambo zakale zamagetsi, ndipo apa luso la galimoto zawaya limene tidaphunzira tili ana lidandithandiza koposa buku lililonse.

Miyala ya pansi pa njanji ndi mchenga wa kumtsinje wosefedwa kawiri. Musanauthire, pititsanimo maginito kuti muchotse tizitsulo, popeza mota ya injini ili ndi maginito ake amene amakoka tizitsuloto nkuwononga magiya. Mukausalaza ndi burashi, dontheziranipo guluu wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, ndi dontho limodzi la sopo wotsukira mbale kuti alowerere. Samalani kuti guluu asafike pa mphambano za njanji pamene pamayenera kusuntha.

Chisanu choyera chija chimene chimagwa ngati ufa sindidachiwaze ponseponse. Deralo ndi louma ndi lamphepo, ndipo zithunzi zambiri zimaonetsa chisanu chitatsalira m'maenje, m'mizere ya m'minda ndi kumbali ya phiri imene dzuwa silifika. Kumpoto kwa dziko lapansi dzuwa limadzera kummwera, choncho mbali yozizira ndi yakumpoto. Amene munkamvetsera m'kalasi ya jogalafe mukukumbukira. Ndidayamba ndalemba pa thebulo kumene kuli kumpoto, ndipo chisanu chonse chidatsata chizindikiro chimenecho.

Mlatho udanditengera miyezi isanu. Nsanamira zake ndi zamatabwa osema, zopakidwa penti yofanana ndi simenti, ndipo iliyonse idayenera kudulidwa pa msinkhu wakewake chifukwa njanji ikukwera uku ikukhota. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Anthu ndi mudzi wawo

Chimene chimapatsa moyo chifanizo ndi anthu. Nyumba za m'midzi ya kumpoto kwa China zimayang'ana kummwera kuti dzuwa lilowe pa mawindo, ndipo kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala khoma lopanda zenera lalikulu. Nyumba iliyonse ili ndi bwalo lozingidwa ndi mpanda wa njerwa kapena wadothi. M'katimo amagona pa nsanja ya njerwa yotchedwa kang, imene imafundira ndi utsi wochokera pa moto wophikira, motero chumuni chimakhala cha kumapeto kwa denga. Zanga ndidazipanga ndi katoni yolimba, ndipo njerwa ndidazilemba ndi nsonga ya singano.

Pabwalo pali zinthu zimene aliyense wa ife angazizindikire: mulu wa chimanga chachikasu, mapesi ounjikidwa osonkhera moto ndi kudyetsa ziweto, ngolo ya bulu, nkhosa, ndi njinga yotsamira khoma. Chimanga ndidachipanga ndi nthangala zazing'ono zopaka penti. Pa zitseko anthu a kumeneko amamata mapepala ofiira a mawu a mafuno abwino pa chikondwerero cha chaka chatsopano chawo. Mu 2003 chikondwererochi chidali pa 1 Febuluwale. Popeza chifanizo changa ndi cha pakati pa Januwale, mapepala anga ndi ofwifwa ndi ong'ambika, otsala a chaka chapitacho. Palibe mlendo amene adazindikirapo zimenezi payekha, koma ine ndimadziwa.

Pa siteshoni pali zizindikiro zakale za mkono wachitsulo umene umatsika kuloleza sitima, zimene Jitong inkagwiritsabe ntchito m'zaka zimenezo. Pali wantchito wovala chikhoti chachikulu ndi chipewa chotseka makutu, ataima chilili ndi mbendera m'manja pamene sitima ikudutsa, monga mwa mwambo wa njanji za ku China. Zikwangwani zambiri za ku Inner Mongolia zimalembedwa m'zilembo za Chitchaina ndi za Chimongoliya, zimene zimatsika kuchokera pamwamba. Zilembo zimenezi sindidazilembe pamanja. Ndidazitenga pa zithunzi, kuzichepetsa pa kompyuta ndi kuzisindikiza, kenaka ndidapempha munthu wodziwa Chitchaina kuti aziwerenge ndisanamate. Chilembo chimodzi chikatembenuzika kapena kuperewera kamzere, tanthauzo limasintha, ndipo kwa mwini chinenero nchimodzimodzi kuona dzina la mudzi wake litalembedwa chadodolido.

Mawu otsiriza

Anzanga, ntchitoyi yanditengera zaka zisanu ndi ziwiri ndipo siinathe. Ndalama zambiri zidapita pa mainjini awiri aja ndi njanji. Zotsalazo ndi nthawi, maso ndi zinthu zimene ena amataya. Amene akufuna kuyamba asayambe ndi chipinda chonse. Atenge thabwa la mita imodzi, njanji yowongoka, bogi imodzi ndi chithunzi chimodzi chabwino, ayese kufanizira chithunzicho mpaka chikhale chosasiyanitsika.

Ndatha kumanga Jingpeng chifukwa anthu ena adapirira chisanu ndi kujambula zonse, ngakhale zinthu zooneka zopanda pake monga mpanda, chitsime ndi mulu wa phulusa. Nthunzi itatha pa Jitong idatsalira m'migodi ndi m'mafakitale owerengeka, ndipo pa mgodi wa malasha wa Sandaoling ku Xinjiang idazima mu 2024. Tsopano chatsala ndi zithunzizo basi. Pakati panu pali ana a anthu amene ankagwira ntchito ya njanji kuno kwathu, ndipo ena muli ndi zithunzi za masiteshoni, matikiti ndi mayunifomu m'masutikesi. Musazitaye. Lembani kumbuyo kwake malo ndi chaka pamene okumbukira adakali moyo, chifukwa mwana amene adzafune kumanga siteshoni ya kwawo m'sikelo adzayambira pamenepo.

Ndabweretsa injini imodzi, mabogi atatu ndi nyumba ziwiri za m'mudzi uja. Zili pa thebulo la kumbuyoko pamodzi ndi zithunzi zimene ndidatsata, kuti muyerekeze nokha ndi kundiuza ngati zikufanana. Muli omasuka kuyang'ana pafupi, koma injiniyo musainyamule pogwira tizitsulo ta m'mbali mwa mateyala.